Mwana wa Biology asanapite ku Joni, funsani za chaka chachinayi

Akonzi,

Ndithandizeniko malo m'nyuzipepala yathu ino kuti ndilankhule ndi makolo komanso ana amene akulingalira zokachita digiri ya Biology m'mayunivesite akuluakulu a boma ku South Africa. Makalata oitana ana akayamba kufika, m'mabanja mumabuka mkangano woti mwana apite kuti, ndipo kwathu nakonso unabuka. Mwana wa mlongo wanga, yemwe analemba A-Level atamaliza Fomu 4, anapatsidwa malo ku University of Cape Town (UCT), ku Wits mumzinda wa Johannesburg, ndi ku University of Pretoria. Poti ine ndi malume wake, komanso ndinaphunzira Biology komweko ndipo lero ndimagwira ntchito mu labotale ya udzudzu kuno ku Blantyre, nkhaniyi inagwera pa ine. Yunivesite imene ndinaphunzirako sindiitchula, kuopa kuti wina anganene kuti ndikukokera kwanga.

Mfundo yanga ndi imodzi. Ambiri tikamasankha timayang'ana chaka choyamba, pomwe chofunika kuyang'ana ndi chaka chachinayi. Ku South Africa digiri ya BSc ndi ya zaka zitatu, osati zinayi ngati kwathu kuno. Ikatha pamabwera chaka china chapadera chotchedwa Honours, chimene mwana amafunsiranso malo mwatsopano, ndipo si onse amatengedwa. Madipatimenti ambiri amafuna kuti akhale atakhoza ndi 60 kapena 65 peresenti m'phunziro lake lalikulu la chaka chachitatu, ndipo ngakhale afike pamenepo malo amakhala ochepa. M'chaka chimenechi ndi m'mene mwana amapatsidwa kafukufuku wakewake, mphunzitsi womuyang'anira, ndi benchi yake mu labotale. Popanda Honours khomo la Masters silitseguka, ndipo akabwerera kumudzi ndi pepala la zaka zitatu lokha, olemba ntchito amene anazolowera digiri ya zaka zinayi amayamba kumufunsa mafunso. Choncho banja likamawerengera ndalama liwerengere zaka zinayi, ndipo likamasankha sukulu lifunse kuti pa chaka chachinayicho mwanayu adzakhala mu labotale ya ndani, akufufuza chiyani.

Alamu anga sanazione choncho poyamba. Anabwera ndi foni m'manja kundionetsa mndandanda wa mayunivesite. "Alamu," anatero, "inu ndinu ophunzira, tiuzeni. Mwana wapeza malo pa sukulu ya nambala wani mu Africa muno, tizimutumizanso kwina chifukwa chiyani?" Sanalakwitse pa za nambalayo. UCT imakhaladi pamwamba pa mayunivesite a mu Africa m'mindandanda yambiri, ndipo inafikapo chifukwa cha ntchito yeniyeni. Koma mindandanda imeneyi imawerenga kwambiri zolemba za kafukufuku wa mapulofesa, kuchuluka kwa anthu amene amazitchula, ndi mbiri ya sukulu pakati pa akatswiri anzawo. Imaphatikiza madipatimenti onse, a zamalamulo, a zachuma, a udokotala, n'kutulutsa nambala imodzi. Nambala imeneyo singakuuzeni ngati pa sukulupo pali munthu wodziwa za udzudzu, za nsomba kapena za matenda a chinangwa.

Komanso chaka choyamba m'masukulu atatuwa n'chofanana kwambiri kuposa mmene makolo amaganizira. Pretoria ili ndi ophunzira oposa 50,000, Wits pafupifupi 40,000, UCT pafupifupi 30,000. Kulikonseko mwana amakhala m'holo ya anthu mazanamazana, mphunzitsi ali kutali kutsogolo akulankhulira pa maikolofoni, ndipo chaka chimatha asanamudziwe dzina. Masana ndi ma prac, maola atatu mu labotale mutavala jasi yoyera. Mumadula kagawo ka tsinde la mbewu ndi lezala, n'kudulanso, n'kudulanso, mpaka kapyapyale koti kuwala kudutse, kenako n'kujambula ndi pensulo zimene mukuona pa maikulosikopu. Woyenda pakati pa mabenchi kukuthandizani si pulofesa, ndi demi, wophunzira wa Honours kapena Masters amene akupezerapo kandalama. Ndipo chimene chimagwetsa ana ambiri si Biology ayi. Ndi Chemistry, Physics ndi Masamu, zimene ambiri a BSc amatenga m'chaka choyamba. Mwana wokonda zamoyo amene amadana ndi masamu amve izi asananyamuke, chifukwa sapu (mayeso obwereza) ndi kuwididwa (kuchotsedwa sukulu polephera mayeso) ziliko kumenekonso, ndipo pofika chaka chachitatu masamu omwewo amabweranso ngati Statistics, pamene akuyenera kusanthula zotsatira zake pa kompyuta.

Kusiyana kwenikweni kumayamba chaka chachiwiri, mwana akasankha maphunziro ake akuluakulu, ndipo kumakula pa Honours. Apa ndi pamene sukulu iliyonse imaonetsa chimene ili nacho.

UCT ili m'munsi mwa Table Mountain, m'dera la zomera zimene sizipezeka kwina kulikonse padziko, ndipo nyanja ili pafupi. Mwana wokonda zomera, mbalame kapena zamoyo za m'nyanja ya mchere adzakhala ali kwawo. Kumeneko kuli Bolus Herbarium, nkhokwe ya zomera zouma yoyambira mu 1865, komanso FitzPatrick Institute yofufuza za mbalame za mu Africa. Ku mbali ya matenda ali ndi akatswiri amphamvu pa TB ndi HIV, ndiponso malo opangira mankhwala atsopano otchedwa H3D, amene anayambitsidwa mu 2010 ndi Pulofesa Kelly Chibale wa ku Zambia. Mankhwala a malungo amene anatulukira kumeneko anafika mpaka poyesedwa pa anthu. Ndiye sindikunyoza UCT. Mwana amene mtima wake uli pa Biochemistry ndi kupanga mankhwala ndikanamuuza kuti apite osacheuka.

Wits anthu amaidziwa ndi mafupa a anthu akale. Chigaza cha mwana wa ku Taung, chimene Raymond Dart anachifotokoza mu 1925, chimasungidwa kumeneko, ndipo mtundu wina wa anthu akale wotchedwa Homo naledi unalengezedwa mu 2015 ndi gulu lotsogozedwa ndi Lee Berger wa pa sukulu yomweyo. Sydney Brenner, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002, anaphunzira ku Wits, ndipo malo awo ofufuzira za majini (zimene munthu amatengera kwa makolo pobadwa) a anthu a mu Africa amatchedwa ndi dzina lake. Koma kwa ife a udzudzu Wits ili ndi mbiri ina, ndipo ndiifotokoza pang'ono chifukwa ikukhudza dziko lathu.

Mu 1996 dziko la South Africa linasiya kupopera mankhwala ophera udzudzu a DDT m'nyumba n'kuyamba mankhwala a gulu la pyrethroid. Patangopita zaka zochepa malungo anabuka koopsa, makamaka ku KwaZulu-Natal, moti mu 2000 odwala anaposa 60,000 m'dziko lonselo. Gulu la Pulofesa Maureen Coetzee ndi limene linapeza chifukwa chake: udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus, umene unali utatha m'dzikomo, unabwerera, ndipo mankhwala atsopanowo sankaupha. Boma linabwerera ku DDT ndipo malungo anatsika. Mu 2010 akatswiri omwewo, Richard Hunt ndi Coetzee, anasindikiza zimene anapeza pa chilumba chathu cha Likoma, zoti funestus wa kumeneko nayenso sakufa ndi pyrethroid. Awa ndi mankhwala amene anali m'maneti onse amene tinkagonamo nthawi imeneyo. Ndi chifukwa cha zotsatira zamtunduwu, za ku Likoma, ku Chikwawa ndi kwina, kuti lero maneti ogawidwa m'zipatala anasinthidwa mankhwala.

Mwana wa mlongo wangayu nkhani imeneyi anaigwira yekha. Pa holide ina anabwera kudzakhala nafe, ndipo ndinamupemphera chilolezo kuti aone mmene timayesera udzudzu. Timatenga udzudzu waukazi wa masiku ochepa, 25 pa chubu chilichonse, kuuyamwa ndi kapaipi ka pakamwa kokhala ndi sefa. Timaulowetsa m'chubu china chimene m'kati mwake mwakutidwa pepala lonyikidwa m'mankhwala, n'kuusiya ola limodzi. Kenako timaubwezera m'chubu choyera, n'kuika thonje la madzi a shuga pamwamba, ndipo tikadikira maola 24 timawerenga wakufa. Ukafa wosakwana 90 pa 100 aliwonse, ndiye kuti mankhwalawo agonja. Tsiku lowerenga iye anafika m'mawa ife tisanatsegule. Anayang'anitsitsa chubu chimodzi m'mene udzudzu wambiri unali ukuulukabe, nati, "Amalume, ndiye kuti awa akanalowa m'neti ya agogo osafa?" Ndinamuyankha kuti inde. Kuyambira pamenepo ankafunsa za chinthu chimodzi chokha: chimachitika n'chiyani m'thupi la kachilombo kakang'ono chonchi kuti poizoni asakagwire.

Mwana wotere Cape Town sikumuyenera, ngakhale sukuluyo ikhale nambala wani. Ku Cape Town kulibe malungo. Malungo a ku South Africa ali ku Limpopo, ku Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal, ndipo masukulu amene amapita kumeneko kukagwira udzudzu mosavuta ndi a ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg ndi Pretoria. Ndiye mpikisano unatsala pakati pa Wits ndi Pretoria. Apa panafunika kuwerenga bwino, chifukwa dzina la malo ofufuzira limatha kunamiza munthu. Wits Research Institute for Malaria ndi ya ophunzira a pamwamba, ili pansi pa nthambi ya zaumoyo, ndipo mwana wa chaka choyamba sangolowamo. Pomwe ku Pretoria kuli dipatimenti ya Zoology and Entomology imene imapereka digiri ya BSc ya tizilombo touluka ndi tokwawa kuyambira pansi, komanso sukuluyo ili ndi malo akeake ofufuzira za malungo amene amagwira ntchito ku Limpopo. Maganizo anga anali oti ayambire ku Pretoria, aphunzire tizilombo mokwanira pamodzi ndi Genetics, ndipo akadzafuna Wits pa Masters, mtunda wake ndi wosakwana ola limodzi pa sitima ya Gautrain.

Pretoria ili ndi zinanso zimene ana athu sazidziwa. Ku Onderstepoort ndi kumene kuli sukulu yokhayo ya madokotala a ziweto m'dziko lonse la South Africa. Nthambi yake ya kafukufuku yotchedwa FABI, imene inatsegulidwa mu 1998, imafufuza za matenda ndi tizilombo ta mitengo monga bulugamu ndi paini, ndipo aliyense amene anaona Chikangawa akudziwa kuti anthu odziwa zimenezi tikuwafuna. Amene amaopa Chiafrikaans asade nkhawa, chifukwa kuyambira 2019 sukuluyi imaphunzitsa m'Chingerezi chokha.

Ndisaiwale masukulu awiri amene sanali pa mndandanda wa kwathu. Mwana wokonda mbewu ayang'ane University of KwaZulu-Natal, nthambi ya ku Pietermaritzburg, kumene kuli African Centre for Crop Improvement imene yaphunzitsa akatswiri ambiri opanga mbewu zatsopano za mapira, chinangwa, khobwe ndi mtedza. Wokonda nsomba asanyoze Rhodes University ku Makhanda chifukwa choti ndi yaing'ono. Akatswiri a kumeneko, motsogozedwa ndi Tony Ribbink, ndi amene anasambira m'miyala ya m'nyanja yathu kuwerenga mitundu ya mbuna n'kusindikiza zotsatira mu 1983, ndipo nkhokwe yaikulu ya nsomba ya dzikolo ili m'tauni yomweyo.

Tsopano ndinene chinthu chimene chimandipweteka mtima, chifukwa ndaona ana abwino akuonongeka nacho. Makolo ambiri akamva kuti Biology amamva kuti udokotala. Amamuuza mwana kuti, "Kayambe BSc, ukakhoza bwino ukasinthira ku Medicine." Njira yotero ilipo pa pepala, ndipo ku Wits kuli ndondomeko yolowera udokotala munthu atamaliza digiri ina. Koma malo ndi ochepa kwambiri, ana a dzikolo amene akulimbirana ndi ambirimbiri, ndipo malo a ana akunja m'masukulu a udokotala ndi owerengeka. Masukulu ena amasungira malo ochepawo ana a mayiko amene alibe sukulu yawoyawo ya udokotala, pomwe ife tili ndi yathu ya KUHeS. Mwana amene akufunadi kukhala dokotala alimbikire kulowa kuno kwathu. Kumutumiza ku Joni ndi chiyembekezo chosinthira ndi kumusenzetsa katundu woti zaka zitatu zonse azidziona ngati wolephera, pomwe akuphunzira phunziro labwino lokhala ndi ntchito yakeyake. Chimodzimodzinso amene akufuna kudzagwira ntchito yoyeza magazi m'chipatala: afunse kaye ku Medical Council of Malawi ngati digiri imene akufunayo angalembetse nayo, chifukwa BSc ya Microbiology ndi maphunziro a labotale ya chipatala si chinthu chimodzi.

Za ndalama ndiyambe ndi nkhani yabwino. Mu 1997, mumzinda wa Blantyre mom'muno, atsogoleri a mayiko a SADC anasaina pangano la zamaphunziro. Panganoli linati dziko lililonse lisunge malo osachepera 5 peresenti m'mayunivesite ake kwa ana a mayiko anzake a m'chigawochi, komanso kuti anawo azilipira fizi ngati eni dziko. N'chifukwa chake Mmalawi, Mzambia kapena Mzimbabwe amalipira zochepa ku South Africa poyerekeza ndi wochokera ku Nigeria kapena ku Kenya. Pamawonjezeka ndalama ina ya ana akunja, koma fizi yeniyeniyo ndi ya eni dziko. Kholo likalandira invoisi liyang'ane kuti mwana walembedwa ngati wa SADC.

Chovuta chili pa nthawi yolipira. Mwana wa dzikolo amatha kulembetsa ndi kandalama kochepa n'kumalipira pang'onopang'ono, koma wakunja masukulu ambiri amafuna kuti apereke gawo lalikulu la fizi ya chaka chonse asanalowe m'kalasi. Pamwamba pake chitupa cha viza chimafuna inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa ku South Africa komweko, ya chaka chonse, ndipo ya kwathu kuno saivomera. Zonsezi zimafunika mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene kwathu m'matumba mumakhala mopanda kanthu chifukwa cha feteleza ndi fizi ya ana ena. Ine ndikukumbukira chaka china nditaima pa mzere wa ofesi ya ana akunja, pasipoti ndi kalata ya inshuwalansi zili m'manja, koma ndalama imene bambo anga anapereka ku banki ina kumudzi isanafike chifukwa kunalibe ndalama zakunja. Makwacha analipo, marandi ndi amene anasowa. Anzanga anayamba ma prac ine ndikuyendera ofesi m'mawa uliwonse kukafunsa ngati yalowa, ndipo ma prac amene unaphonya amawerengedwa pa malikisi okulola kulemba mayeso. Lero vutoli lakula. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Banja limene linawerengera bwinobwino mwana akuyamba linapezeka kuti pofika chaka chachitatu likufunika makwacha ochuluka pafupifupi kawiri pa fizi yomweyo. Ndi ana otere amene amamaliza zaka zitatu movutikira n'kulephera Honours, chaka chimene anapitira.

Musadalire kuti akakafika akapeza thandizo. Thandizo la boma kwa ophunzira lotchedwa NSFAS ndi la nzika za South Africa ndi okhazikika m'dzikolo okha. Bungwe la National Research Foundation, limene limalipirira ophunzira ambiri a kafukufuku, linaika lamulo loti 95 peresenti ya thandizo lake ipite kwa nzika ndi okhazikika m'dzikolo, 5 peresenti yotsalayo ndiye agawane a SADC ndi dziko lonse lapansi. Viza ya sukulu imalola mwana kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa sabata, koma wa Biology masana ake ambiri amathera mu labotale, ndiye maolawo sawapeza, ndipo ndalama yake singalipire fizi. Dziwaninso kuti vizayo imalembedwa dzina la sukulu imene mwana akupita. Akaona kuti wasankha molakwika sangangonyamuka kupita kwina, ayenera kuyambiranso za viza. N'chifukwa chake kusankha koyambaku kuli kolemera.

Pa nkhani ya malo ogona ndi mtunda, apa ndi pamene alamu anga anayamba kufewa. Lendi ku Cape Town ndi yokwera kuposa ku Pretoria, ndipo malo m'mahositelo sakwanira aliyense. Basi yochokera kuno imadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge n'kukatsitsa pa Park Station ku Johannesburg. Kuchoka pamenepo Wits ndi yongoyenda pansi, ndipo Gautrain imakasiya munthu ku Hatfield pafupi ndi geti la University of Pretoria. Cape Town ndi makilomita ena 1,400. Kukagwa maliro kumudzi, kapena mwana akadwala mayi ake n'kufuna kukamuona, makilomita amenewo amasanduka ndalama. Ku Gauteng kulinso abale athu ambiri, mipingo yopemphera m'Chichewa, ndi anthu oti angamutengere kaufa ndi usipa pa basi.

Mlongo wanga nkhawa yake inali ina, ndipo sindinamubisire. Mu 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, mu 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu athu zitavuta ku Durban, ndipo m'zaka zaposachedwa magulu ngati Operation Dudula akhala akutsekereza alendo ngakhale pa zipatala. Zimenezi zimachitika kwambiri m'makomboni ndi m'malo a malonda kusiyana ndi pa sukulu, koma mwana sakhala pa sukulu pokha. Amakwera taxi, amapita kumsika. Palibe mzinda mwa itatuyi umene ndinganene kuti mulibe vuto. Chimene ndinaumirira n'choti chaka choyamba agone mu hositelo ya sukulu kapena pafupi penipeni ndi geti, ngakhale zidule, mpaka adziwe misewu yoyenda ndi yosayenda. Zionetsero za ophunzira nazo zimasokoneza maphunziro nthawi zina, monga zinachitikira pa FeesMustFall imene inayambira ku Wits mu Okutobala 2015 n'kufalikira m'masukulu onse akuluakulu, ndiye izi sizisiyanitsa sukulu ndi inzake.

Pali mawu amene ndikufuna afike kwa mabanja amene awerengera n'kuona kuti zaka zinayi sangakwanitse. Musagulitse munda. Mwana achite digiri yoyamba kuno: ku Zomba ku University of Malawi, ku Bunda ngati amakonda nsomba, mbewu kapena ziweto, ku MUST kapena ku Mzuzu. Akhoze bwino, ndipo pa holide azipempha malo othandizira ku Chitedze, ku Bvumbwe, ku National Herbarium ku Zomba, ku Monkey Bay kwa a zausodzi, kapena m'malabotale a kafukufuku wa zaumoyo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Thandizo la ndalama kwa ana akunja limapezeka kwambiri pa maphunziro a pamwamba kusiyana ndi pa digiri yoyamba. Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, Canon Collins Trust imathandiza a kum'mwera kwa Africa, ndipo Mandela Rhodes imalipirira Honours ndi Masters kwa achinyamata a mu Africa. Pulofesa Chibale amene ndamutchula uja digiri yake yoyamba anachitira ku University of Zambia asanapite ku Cambridge. Ndipo mwana wochokera kuno amakafika ndi chinthu chimene mapulofesa a kumeneko amachifuna: amadziwa kumene kuli udzudzu, nkhono za likodzo ndi ntchemberezandonda, amalankhula ndi a mfumu m'chinenero chawo, ndipo angathe kubwera kudzatolera zofufuzira kwawo.

Kwa amene akupitabe, pali pepala limodzi limene limachedwetsa anthu ambiri. Satifiketi ya kusekondale ya dziko lina iyenera kuvomerezedwa ndi Matriculation Board ya Universities South Africa, ndipo MSCE payokha kawirikawiri siikwana kulowera digiri m'masukulu akuluakuluwa, ngakhale mwana atapeza mapointi 6. Pamafunika A-Level kapena maphunziro ena a pamwamba pa MSCE. Viza nayo imafuna kalata ya kupolisi, ya kuchipatala ndi umboni wa ndalama, ndipo chaka cha sukulu chimayamba mu Febuluwale, ndiye zoyamba kuthamanga mu Disembala zimakhala zitachedwa.

Mtsikana wathuyu ndinamupatsa ntchito imodzi asanayankhe sukulu iliyonse. Ndinamuuza kuti atsegule tsamba la dipatimenti iliyonse pa intaneti, asawerenge mawu okopa a patsogolo, koma apite pa mayina a aphunzitsi aone zimene aliyense wasindikiza m'zaka zaposachedwa ndi mitu ya kafukufuku wa ophunzira ake. Kenako alembere ophunzira a Honours ndi Masters, makamaka ochokera kunja, awafunse kuti analowa bwanji mu labotale, ndani akuwalipirira, ndipo ngati aphunzitsi amalola ana a chaka chachiwiri kuthandizira pa holide. Safunsa anadya phula. Anachita manyazi poyamba, akuti, "Amalume, anthu osandidziwa andiyankha?" Ena sanayankhe, koma ena anayankha motalika, ndipo mmodzi wa ku Zimbabwe anamuuza kuti iye anayamba ndi kutsuka mabotolo ndi kudyetsa tizilombo mu labotale ali chaka chachiwiri, mpaka mphunzitsi anamudziwa n'kumuika pa ndalama za kafukufuku wake. Pa sukulu ya anthu 50,000 palibe amene adzabwere kudzamusaka mwana wanu. Amene amagogoda yekha pa chitseko ndi amene amadziwika, ndipo mwana wa ku Malawi woleredwa kuti asamalankhule pamaso pa akulu ayenera kuuzidwa zimenezi asanachoke.

Iye wasankha Pretoria. Tinakhala pansi monga banja n'kugawana zaka zinayi zonse: alamu fizi, mlongo wanga malo ogona ndi chakudya, ine inshuwalansi ya chipatala ndi basi. Tinagwirizananso kuti tizikapempha marandi ku banki miyezi ingapo nthawi yolipira isanakwane.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi loti chaka chilichonse, cha mu Epulo kapena Meyi, muzisindikiza m'Chichewa masiku otsekera kufunsira malo m'masukuluwa, poti ambiri amatseka pakati pa Juni ndi Seputembala, pamodzi ndi mapepala ofunika ndi mabungwe othandiza. Makolo ambiri olipira fizi amawerenga tsamba lino, ndipo zambiri zimene amamva za masukulu akunja zimachokera kwa anthu ofuna kuwadyerapo. Ndikupemphanso a Reserve Bank of Malawi ndi mabanki athu kuti mu Januwale ndi Febuluwale aziika patsogolo makolo amene abwera ndi invoisi ya sukulu.

Ine wanu,
Malume wa ku Chilomoni, Blantyre